Nyimbo ya ababa pa disiki yatsopano

Mu Wanki monse, tauni yathu ya mgodi wa malasha, munali chipinda chimodzi chokha chozizira, ndipo ine ndinkagwira ntchito mmenemo. Anthu a m'komboni sankakhulupirira ndikawauza kuti ndimavala juzi mu Okutobala. Panja phula linkamata ku nsapato, mphepo ikubwera ndi fungo la malasha opsa, koma ukangotsegula chitseko chachiwiri cha chipinda cha kompyuta, tsemwe linkakuyenda thupi lonse. Kuzizirako sanatikonzere ife. Anakonzera makinawo, ife tinkangodyera nawo.

Ndinalowa ntchitoyo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene anyamata achizungu a mu ofesi ya mgodi ankaitanidwa kunkhondo ndipo mipando inayamba kusowa eni ake. Ndinayamba ndi kuboola makhadi, timapepala tolimba tomwe tinkauzira kompyuta zochita, kenako anandikweza n'kukhala mmodzi wa oyendetsa makinawo. Kompyuta ya nthawiyo inali makabati achitsulo odzaza chipinda. Zonse zimene inkadziwa zinkakhala pa madisiki, mbale zofiirira zosanjikizana zomwe zinkazungulira m'makina aakulu ngati chitofu cha mzungu wa ku Baobab, kumtunda kwa mabwana. Mdani wa madisikiwo anali fumbi. Tangoganizani, fumbi, m'tauni yomwe ngakhale nkhunda zoyera zinali zotuwa! Choncho pakhomo tinkavula nsapato, kusamba m'manja, ine n'kumanganso duku. Nditawafotokozera ababa za malamulowa anangoti, "Ndiye kuti azungu apeza mzikiti wawo."

Ababa anachoka kwawo kummwera kwa Malawi ali mnyamata, nayenda wapansi mpaka kudzalowa mumgodi. M'komboni ankadziwika ndi beni, gule wa anthu a kwathu uja wovina atavala ngati asilikali. Iwo ndiwo anali mtsogoleri, ovala chipewa chokhala ndi nyenyezi, oyambitsa nyimbo. Mwa nyimbo zonse panali imodzi yomwe anaipeka okha, yonena za ulendo wawo wapansi uja. Inali yodekha, ndipo anyamata a gululo anali ataisiya kalekale, ati imagonetsa miyendo. Iwo ankafuna zothamanga, zosakaniza ndi Chindebele. Ababa ankangoiimba pakhonde, akupukuta nsapato zawo za beni.

Mkulu wa shifiti yathu anali bambo wachinambya, mtundu wa eni dera lija, wosalankhulalankhula, amene ankakonda makinawo kuposa anthu. Ndiye anandionetsa kuti kompyuta ija imatha kuimba. Inali ndi kasipika kochenjezera zinthu zikalakwika, ndipo ukaipatsa manambala, imodzi ya kukwera kwa liwu, ina ya kutalika kwake, kasipikako kankalira motsatira. Khadi limodzi, liwu limodzi. Ukafuna kuti ikhale chete pang'ono, unkaika khadi la ziro. Mawu ake anali onyansa, sindikubisa, ngati nkhululu yodwala chimfine. Koma nditangomva, ndinadziwa nyimbo imene ndidzaikemo.

Ndinawavutitsa ababa Lamlungu lililonse. "Bwerezaninso pamenepo." Iwo ankabwereza, akudandaula kuti ngakhale kapitao wa pansi pa mgodi sankawazunza chonchi. Ndinatenga chilichonse monga mmene chinkatulukira m'kamwa mwawo, pokwera, potsika, ndi poima. Ankaima kawirikawiri, nthawi zina pakati penipeni pa mzere, ndipo ine ndinkaika khadi la ziro pamalo aliwonse otero, poganiza kuti ndiko kukoma kwa nyimboyo. Nditamaliza ndinaisunga pa kangodya ka disiki komwe akuluakulu sankayang'anako, makhadi ake n'kuwamanga ndi labala, kuwaika m'bokosi la nsapato, n'kukankhira pansi pa bedi langa kunyumba.

Chaka chotsatira chifuwa cha ababa chinakula. Fumbi lomwe ife tinkaliletsa kulowa m'chipinda chathu, iwo anali atalimeza moyo wawo wonse. Anawachotsa pansi n'kuwapatsa ntchito yolondera pageti. Ku beni ankapitabe, atavala bwino, akutsogolera ndi ndodo, koma kuimba anasiyiratu. Akayesa, mzere woyamba usanathe chifuwa chinkawagwira mpaka misozi. Kuyambira pamenepo, chinthu chokha padziko chomwe chinkaimba nyimbo ija monga ankaimbira ababa chinali nkhululu yanga ya mu ofesi. Masana kukakhala kopanda ntchito yambiri ndinkaiyatsa motsitsa, n'kumamvetsera mtima ukuwawa mokoma. Iwo eni ake anali asanaimvepo, ndipo ankati ndimanama.

Ndiye kunabwera nkhani yoti madisiki athu achepa. Mgodi unali kukula, ntchito zikuchuluka, ndipo tinkangokhalira kuchotsa disiki iyi kuikapo iyo ngati mayi wa miphika iwiri pa ukwati. Atsopanowo anafika pa sitima ku Thomson Junction m'mabokosi amatabwa, ndipo pambuyo pake panabwera injiniya wa ku Bulawayo, mzungu wowonda wosuta kwambiri, yemwe ankavutika koopsa chifukwa m'chipinda chathu fodya anali woletsedwa. Anatifotokozera dongosolo lake. Madisiki atsopano sankagwirizana ndi akale, choncho zonse za kampani tizikopere kaye pa matepi, akalewo afufutidwe n'kubwezedwa kwa eni ake, kenako tiyambe kuphunzitsa makinawo kuchokera pachiyambi.

Ndinafunsa mkulu wa shifiti ngati nyimbo yanga ingakwere nawo pa tepi. Anapukusa mutu. Matepi anali ochepa, ndipo abwana a ofesi ankayang'ana chilichonse chokwerapo.

"Makhadi uli nawo?" anandifunsa.

"Ali kunyumba."

"Ndiye ukulira chiyani?"

Sindinalire. Ndinkadziwa kuti zonse zikatha ndidzangobweretsa bokosi langa, makina adzawerenga makhadiwo, nyimbo n'kulowa m'nyumba yatsopano. Chakudza sichiimba ng'oma.

Loweruka m'mawa tinazimitsa zonse. Sindinaonepo chipindacho chili zii chonchija. Injiniya anagwada n'kutsegula pansi, n'kuyamba kuzula zingwe zonenepa ngati mkono wa mwana. Makina akale tinawakankhira kukhoma, atsopano n'kuwaimika m'malo mwake, oyera, onunkhira utoto. Disiki imodzi yatsopano inkanyamula zomwe akale angapo ankagawana. Titayatsa, anayamba kuzungulira ndi kamkokomo kosalala, koma kompyuta inangoti duu. Sinkadziwa kanthu, ngakhale tsiku. Pulogalamu yaikulu ija yolamulira mapulogalamu ena onse, yomwe ife tinkangoitcha kapitao, inali itapita limodzi ndi madisiki akale.

Kubwezeretsa kapitao inali ntchito ya pang'onopang'ono. Poyamba injiniya anadina timabatani ta kutsogolo ndi manja, kuti makina adziwe kuwerenga kansalu kapepala koboolaboola. Kansaluko kanawaphunzitsa kuwerenga tepi. Tepiyo ndiyo inanyamula kapitao yense n'kumukhazika pa disiki yatsopano. Ulendo woyamba zinakanika pakati. Injiniya anatukwana, natuluka kukasuta, ndipo mkulu wa shifiti anatenga kansanza koyera ndi sipiriti n'kupukuta powerengera tepi. Tinayambiranso. Dzuwa litapendeka, makina olembera a pa desiki yathu anagogoda okha, kufunsa tsiku ndi nthawi. Injiniya anandiloza kuti ndiyankhe ndine. Ndinalemba, makina n'kuvomera, ndipo tonse atatu tinaseka ngati mwana wayetsemula kuchipatala. Madisiki akale anali atafufutidwa kale, atamangidwa m'mabokosi omwe munabwera atsopano.

Lamlungu ndinadzuka ndi nyimbo m'mutu. Ndinagwada, kukoka bokosi la nsapato, ndipo linabwera mopepuka. Munali labala ndi makhadi ochepa okha, ena odulidwa ngati mwezi watsopano.

Apa ndiyenera kunena za amayi. Amayi ndiwo ankasoka yunifolomu za gulu la beni pa makina awo a pamanja. Kuyambira pamene ndinalowa ntchito ndinkawabweretsera makhadi otayidwa, olakwika poboola, ndipo m'nyumba mwathu makhadiwo ankagwira ntchito zambiri kuposa ku ofesi. Ankakolezera mbaula, kukupizira, kuchirikiza mwendo wa tebulo. Koma amayi anatulukira kuti ntchito yawo yeniyeni ndi kulimbitsa zipewa. Ukawasanjikiza angapo, kuwadula mozungulira n'kuwasokera mkati mwa nsalu, mlomo wa chipewa unkaima nji ngati wa wapolisi. Magulu a m'makomboni ena ankasirira zipewa zathu osadziwa chinsinsi chake.

Ndinawapeza kuseri akuchapa. "Amayi, makhadi a pansi pa bedi aja ali kuti?"

"Oyera aja? Ndinasokera zipewa zatsopano. Enawa umabweretsa opindikapindika, koma ajawa anali abwino, osanjidwa kale."

"Amayi! Imene ija inali nyimbo ya ababa!"

Anandiyang'ana, sopo ali m'manja. "Nyimbo? M'mapepala obooka?"

Ndinakalipa, ndipo ine ndikakalipa komboni imamva. Ndinanena kuti m'nyumba muno munthu sangasunge kanthu, kuti tsiku lina adzadula ndi satifiketi yanga. Amayi sanali munthu wogonja. Anati chinthu chofunika sachisunga pamodzi ndi nsapato, anati ndinawauza liti, ndipo pomaliza anati madzi akatayika saoleka, n'kupitiriza kuchapa. Koma ndinaona kuti akuchapa malaya omwewo omwe anali atawatsukuluza kale.

Masana amenewo kunali beni pabwalo la komboni. Ndinapita nditatupa ndi mkwiyo. Ng'oma zinkagunda, fumbi lili koboo, azibambo ali pamzere ndi zipewa zawo zatsopano zoima bwino, thukuta likutsika m'makutu. Ndinkayang'ana chipewa chilichonse n'kumaganiza kuti uyu wavala chiyambi, uyo wavala pokwera paja. Kutsogolo kunali ababa ndi ndodo yawo, akuyenda pang'onopang'ono, chipewa cha nyenyezi chili pamutu. Atapuma pansi pa mtengo ndinawauza zonse. Anavula chipewacho, kuchitembenuza, kugogoda mlomo wake ndi chala.

"Manje ukuti nyimbo yanga ndaivala kumutu?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo ndinawagwira msana mpaka chinatsika. Ine sindinaseke. Ndinalira pomwepo, anthu akuona, chifukwa ndinkadziwa kuti sangandiimbirenso.

Amayi ndiwo anapeza njira, ngakhale sanavomere kuti akukonza cholakwa. Patapita masiku anangoti, "Bambo ako aang'ono a ku Thomson akubwera Lamlungu. Ukonze pensulo yako." Bambo aang'onowa sanali achibale a magazi. Anali mnzawo wa ababa amene anayenda naye ulendo wapansi uja, koma iwo anapeza ntchito ya njanji, kunja kumphepo, ndipo mapapo awo anali ngati a mnyamata. Nyimboyo ankaidziwa kuyambira tsiku limene inabadwa.

Anakhala pakhonde, tiyi ali m'manja, n'kuiimba yonse. Ababa anali pambali akugogoda mpando ndi supuni, ndipo mnzawo akaphonya ankamenya supuniyo mwamphamvu n'kunena kuti, "Aikona, wena, pamenepo umatsika." Ankakangana ngati ana. Ine ndinkalemba manambala, koma china chake chinkandisokoneza. Bambo aang'ono sankaima. Mzere uliwonse ankauyenda wonse ndi mpweya umodzi, kuchoka uku kukafika uko.

"Bambo, apa simupuma?" ndinafunsa.

"Ndipumirenji, mwana wanga? Njira ikadalipo."

Ndinaganiza kuti aiwala, koma ababa sanamenye supuni. Ndinalemba monga anaimbira. Mkati mwa mlunguwo ndinaboola makhadi atsopano pa nthawi ya nkhomaliro, n'kuwapatsa makina. Pa disiki yatsopano malo anali mbwee, moti mkulu wa shifiti anati ngakhale nditaikapo nyimbo za komboni yonse palibe angadziwe. Nditaiyatsa, nkhululu ija inaimba bwinobwino, osaphonya. Koma kwa ine sinali ya ababa. Inkathamangira kutsogolo ngati munthu wosafuna kukupatsa moni. Ndinatsimikiza mtima kuti ndibwezeretsa makhadi a ziro aja, kungoti sindinkakumbukira malo ake onse. Pankafunika eni ake.

Ndinapempha mkulu wa shifiti kuti ababa adzalowe. Masiku amenewo mlonda wa pageti sankaponda mu ofesi imeneyo. Komabe mkuluyo anati Lamlungu masana azungu onse amakhala kukalabu, ndipo iye maso ake amavuta pa Lamlungu.

Ababa anavala ngati akupita ku Idi, mkanjo woyera wosita, koma pamutu anaika chipewa cha beni. Ndinawauza kuti chipewacho chili ndi fumbi la bwalo lonse, sichingalowe. Anati nyimbo yakale iyenera kudzaona yatsopano. Tinagwirizana kuti achisiye pakati pa zitseko ziwiri zija, pomwe chingamve. Anavula nsapato asanauzidwe, kusamba m'manja mpaka m'zigongono monga amachitira popita kukaswali, n'kulowa ndi mwendo wamanja. Mkulu wa shifiti anaimirira n'kuwapatsa mpando wake. "Hlalani, baba."

Anakhala, n'kukoka mpweya wozizira uja, wosefedwa, wopanda fumbi ngakhale pang'ono. Anaukokanso kachiwiri, maso atatseka. "Mwanawe," anatero, "makinawa amadya bwino."

Ndinawaonetsa madisiki atsopano akuzungulira pansi pa galasi. Ndinawauza kuti nyimbo yawo ili mmenemo, ndipo ndikufuna andithandize. Ikamaimba, azikweza dzanja paliponse pomwe iyenera kuima, ine ndizilemba. Anagwedeza mutu ngati amva. Ndinadina batani.

Liwu loyamba litangotuluka, anadzidzimuka n'kuyang'ana kuseri kwa kabati ngati muli munthu. Kenako anaizindikira. Nkhope yawo inamasuka, chala chikugunda bondo, ndipo milomo inayamba kuyenda. Sankatulutsa mawu, kamphepo chabe. Ndinagwira pensulo ndikuyang'ana dzanja lawo, koma dzanjalo silinakwere. Chomwe ndinaona ndi ichi. Pakati pa mzere woyamba milomo yawo inaima, mapewa n'kukwera kufuna mpweya, makina akupitirira, ndipo iwo anakawapeza kutsogolo. Pa mzere wachiwiri chimodzimodzi. Malo aliwonse omwe milomo yawo inkaima ndinkawazindikira. Ndi pomwe ndinkaika makhadi a ziro.

Pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene ndinasunga chaka chonse chija n'kumachikonda. Sikunali kukoma kwa nyimbo ayi. Chinali chifuwa cha ababa, chitayamba kale ife tisanadziwe. Ndinachita manyazi, ndipo ndinawamvera chisoni chomwe sindinkadziwa pochiika.

Itatha anati ndiibwereze. Ndinaibwereza. Kenako anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo n'kunena kuti, "Mawu ake ngoipa sitereki, ngoipa zedi. Koma mpweya ili nawo. Umu ndi mmene ndinkaimbira ndikubwera."

"Ababa, simunakweze dzanja."

"Ndikwezerenji?"

"Ija yakale inkaima monga mumaimira inu. Ndimafuna ikhale ngati inu. Malo alipo ambiri, ndikhoza kusunga zonse ziwiri."

Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili mwana ndikabwera ndi chinthu chotola kudzala. "Aikona. Chifuwa changa chisiye kwa ine, usachipatse makina a eni. Isiye iziyenda. Ine ndikaima, iyo izipitiriza."

Potuluka anatola chipewa chawo pakati pa zitseko, kuchikuntha pabondo n'kuchivala. Kutentha kwa panja kunatimenya kumaso, ndipo tinayenda pang'onopang'ono kubwerera kukomboni, tikuima pamthunzi uliwonse. Kunyumba anauza amayi kuti mwana sankanama, chitsulo chimaimbadi, ndipo amayi anati iwo ankadziwa kale, nanga zipewa zija zinkavinitsa bwino chifukwa chiyani.

Ababa ndinawamvera. Makhadi a ziro sindinawabwezeremo, ndipo atsopanowo ndinawasunga m'kabati ya ku ofesi, kutali ndi lumo la amayi. Ababa anatisiya mvula ya chaka chotsatira isanagwe. Nyimbo ija inakhala pa disiki mpaka makinawo anachotsedwa patapita zaka, ndipo nthawi zonse inkayenda mzere wathunthu osapuma, monga ankafunira.

Koma pakamwa panga sipanamvere. Lero ndikamaiimba kuno ku Empumalanga, komboni ina ya mu Wanki momwemo, ndikusita kapena kutsuka mbale, ndimaima pakati pa mzere woyamba, ndimaimanso pa wachiwiri, ngakhale mapapo anga ali bwinobwino. Adzukulu anga, omwe ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chindebele, anaitola nyimboyo kwa ine. Nawonso amaima pomwepo, onse pamodzi, n'kudikira pang'ono asanapitirize. Iwo amaganiza kuti ndi mmene nyimboyo imayendera, ndipo ine sindinawauzepo.